Giya Yachisanu ya Aphunzitsi

Sajeni anali asanavule n'chipewa chomwe pamene anthu awiri analowa mu ofesi mwake osagogoda. Patsogolo panali mkulu wa imvi, jekete lomangidwa mabatani onse, magalasi akuda kumaso. Pambuyo pake panali bambo wonenepa wa nsapato zonyezimira, akuzunguza makiyi pachala.

"Tabwera kuti mutigwirire wakuba, mayi," anatero wa nsapatoyo. "Awa ndi apongozi anga, aphunzitsi opuma. Awabera dzuwa likuswa mtengo."

"Pakamwa ali napo eni akewo?" anafunsa Sajeni.

Aphunzitsi anakhala pansi, naika chipewa pabondo.

"Galimoto imeneyi, mayi, ndinaigula chaka chomwe ndinakwatira. Mayi akunyumba anatisiya, galimoto inatsala. Giyabokosi yake inali ija yosintha yokha, ndipo itatopa, zipangizo zake sizinapezeke pena paliponse. Mwana wanga wamwamuna amene ali kunja ananditumizira yatsopano, yosintha ndi dzanja, ya magiya asanu. Si ya kampani yomwe inapanga galimotoyo ayi, koma anaipangira magalimoto akale ngati yangayi. Inabwera m'bokosi la matabwa. Ndinakaipereka kwa makaniko, a Bweramawa, ndi manja anga awiriwa."

"Kenako?"

"Dzulo ndaiyendetsa koyamba. Wani, thu, fili, folo. Ndikuti ndiike yachisanu, ndodo yakana. Pamutu pa ndodo analembapo faifi, koma m'katimo faifi mulibe! Makaniko wina wandisuzumirira kunsi. Akuti ndi chigiyabokosi chakale cha magiya anayi, angochipaka penti yasiliva."

"Ku galaja inatuluka liti?"

"Milungu itatu yapitayo. Ine ndinali kuchipatala, amandikonza diso. Anakaitenga ndi akamwiniwa."

"Ndipo ndinabwera nayo pang'onopang'ono, thu ndi fili basi," analowerera mkamwiniyo. "Galimoto ya apongozi saithamangitsa. Ndinaifunditsa lona kuseri kwa nyumba, pafupi ndi kachipinda komwe akazi anga amasokera zovala, ndipo sindinaikhudzenso mpaka dzulo. Ine ndimagulitsa magalimoto, mayi. Amakaniko ndimawadziwa kuposa mmene amayi awo amawadziwira."

Bwana wamkulu wa polisiyo anasuzumira pakhomo. Zinaoneka kuti nkhaniyo anali ataimva kale pakhonde.

"Sajeni, makaniko ameneyo pofika folo koloko akhale ali m'chitolokosi."

Sajeni anatenga makiyi a galimoto ya polisi. Anali mwana wa dalaivala wa malole, ndipo anakula akupatsira bambo ake masipanala m'mbali mwa msewu. Milandu yobwera itaweruzidwa kale pakhonde sankaikonda.

*

Galaja ya a Bweramawa inali shedi ya malata yokhala ndi dzenje limodzi pakati. Dzinalo anawapatsa ndi makasitomala, poti ntchito ya tsiku limodzi kwa iwo inkatenga sabata. Masipanala anawapachika pakhoma motsata kukula kwake, iliyonse pamsomali wake.

Sajeni atafika, a Bweramawa anamvetsera nkhani yonse ali chiimire, chisanza chili m'manja. Kenako anachiponya pansi.

"Ine wakuba? Zaka makumi atatu ndagona chagada pansi pa magalimoto a anthu, oyilo akundidonthera m'maso, lero ndikabe giyabokosi ya Aphunzitsi? Munthu amene anaphunzitsa ana anga anayi kuwerenga?"

"Sindinati mwaba, bambo. Ndiuzeni zomwe munachita."

"Zomwe ndinachita? Bwerani kuno."

Anamuonetsa giyabokosi yakale yosintha yokha ija, ili pansi pa tebulo, ndi bokosi la matabwa lopanda kanthu. Galimotoyo, iwo anati, inabwera ndi zopondera ziwiri zokha, ndiye anaikamo chachitatu cha kalachi. Anasuntha chitsulo chopingasa chomwe chimanyamula mchira wa giyabokosi. Anaboola pansi pakati pa mipando kuti ndodo ya magiya itulukire. Apa anatsegula chitini natulutsa kachitsulo kozungulira ngati chivindikiro cha kapu.

"Ichi ndi chomwe ndinadula poboolapo. Sinditaya chitsulo cha galimoto ya munthu. Ndiye kunabwera shafiti, mpope uja umatenga mphamvu ku giyabokosi kupita nayo ku matayala akumbuyo. Giyabokosi yatsopanoyo ndi yaitali kuposa yakale, choncho shafiti inatalika. Ndinapita nayo kwa Magalasi wowotcherera, anaidula zala zinayi."

"Alipo anakuonani mukuika yatsopanoyo?"

"Ndimagwira ndekha. Anthu amalankhulitsa."

"Chithunzi munajambula?"

"Foni yanga ndi yoimbira, mayi, si yojambulira."

"Ndiye kuti mboni mulibe."

"Ilipo!" A Bweramawa anatola kabotolo ka penti yofiira pawindo. "Bawuti lililonse lomwe ndamanga ine ndimalipaka iyi. Aliyense amadziwa zimenezo. Ngati wina anaikamo chigiyabokosi china, mabawuti ake alibe penti yanga. Tiyeni tikaione galimotoyo, pompano!"

Sajeni anaganiza kuti wakuba sathamangira kumene kuli katundu wa mlandu. Koma anakumbukiranso kuti anaonapo akuba olira kuposa oberedwa. Anawatsegulira chitseko cha galimoto ya polisi.

*

Galimoto ya Aphunzitsi inali pabwalo la polisi, yobiriwira ngati botolo, mabampala akuwala. Anaikweza pa jeke. Sajeni anayala katoni pansi, nalowa kunsi ndi tochi, a Bweramawa ali pambali pake. Aphunzitsi ndi mkamwini wawo anaima chapatali.

Kuwala kwa tochi kunayenda pa chigiyabokosi chasiliva chija n'kuima pa mabawuti ochimangirira ku injini. Loyamba linali ndi dontho la penti yofiira pamutu. Lachiwiri chimodzimodzi. Onse asanu ndi limodzi.

A Bweramawa anasendera pafupi, nayang'anitsitsa madonthowo.

"Bwanji kunsiko?" anafuula mkamwini. "Penti ija yapezeka? Khoswe watchera yekha msampha!"

Aphunzitsi anawerama, nagwira bondo. "Bweramawa, ndinakukhulupirira ngati mbale wanga. Ukanandipempha chilichonse ndikanakupatsa. Koma mphatso ya mwana wanga?"

Sajeni anamva mpweya wa makanikoyo ukutuluka mwaphuma pafupi ndi khutu lake. Patapita kanthawi iwo analankhula motsitsa, kwa iye yekha.

"Penti ndi yofiira, mayi. Koma dzanja si langa. Unikani apa."

Anamulozera mabawuti a chitsulo chogwira paipi ya kalachi. Pamenepo penti sinali dontho. Unali mzere woonda, woyambira pamutu pa bawuti n'kutsikira pa chitsulo chomwe bawutilo lamanga.

"Bawuti likayamba kumasuka, mzerewu umaduka pakati, ndiye ndimadziwa ndi maso okha. Nanga dontho pamutu likuuzani chiyani? Bawuti lizungulire mpaka ligwe, dontho lili pompo. Wapaka izi anaona kufiira kokha, ntchito yake sanaidziwe."

"Mwina tsiku limenelo munafulumira," anatero Sajeni.

"Ine? Kufulumira?"

Sajeni anabisa kumwetulira. Anatuluka, nalowa m'galimoto, nakweza mphira wophimba tsinde la ndodo ya magiya. Bowo linali ntchito ya manja a anthu awiri. Chakumbuyo linali lozungulira bwino, m'mphepete mosalala, ndipo kachitsulo ka m'chitini kaja, komwe anakatenga ku galaja, kanalowapo ndendende. Chakutsogolo wina analikulitsa mwankhanza, ngati pomwe khoswe waboola thumba, kuti ndodo ya giyabokosi yaifupi ipeze potulukira.

Apa zinali zoonekeratu kuti giyabokosi yatsopano inakhalamo m'galimotomu, kenako inachotsedwa. Koma bowo silinganene dzina la munthu. A Bweramawa omwewo akanatha kuiika lero n'kuichotsa mawa.

Ali chikhalire pampando wa dalaivala, Sajeni anakumbukira mawu a bambo ake, omwe ankanena akamayeza kawiri asanadule: chitsulo si udzu, ukadula sichiphukanso. Analowanso kunsi.

"Bambo, mwati shafiti munaidula zala zinayi kuti ikwanire giyabokosi yaitali. Iyi ndi yaifupi. Nanga shafiti yodulayo ikufika bwanji?"

A Bweramawa anaisisita ndi chikhatho kuchokera kumutu mpaka kumchira.

"Singafike, mayi. Iyi si shafiti ya galimoto ino."

Pafupi ndi powotcherera panali nambala yokhomedwa pachitsulo: 58. Sajeni anailemba padzanja.

Potuluka anapeza bwana wamkulu ataima pakhonde akuloza wotchi. Apolisi anawavula a Bweramawa lamba ndi zingwe za nsapato, nawakhazika pabenchi la oyembekezera chitolokosi, anthu onse odutsa akuwaona. Makanikoyo anagwira thalauza lake ndi dzanja limodzi, maso ali pansi. Inali itangokwana wani koloko.

*

Sajeni anamupeza Magalasi akuwotcherera geti, moto ukuthetheka mbali zonse. Anali munthu wamfupi, wa mawu ngati wailesi yopanda pozimitsira. Anakankhira magalasi ake owotcherera pamphumi.

"Boma lafika! Ngati n'za magetsi, mayi, ndinalipira. Ngati n'za mkazi wanga, anayamba ndi iyeyo."

"N'za shafiti. Nambala 58."

"Aa, mwana wanga ameneyo. Shafiti iliyonse yotuluka muno ndimaikhoma nambala, kuti ikakathyoka kumsewu asadzandinamizire ya wina." Anapita kukhoma lodzaza manambala a choko, nayendetsa chala. "Onani. 41, Bweramawa, kudula zala zinayi. Ameneyo amabwera ndi tepi yachitsulo, ayeza kawiri, ayezanso kachitatu, iwe njala ikukupha. Ndiye 58, patapita masiku khumi. Imeneyo inachokera kogulitsa zitsulo zakutha, yaitali, ya galimoto ina. Ndinaidula kuti ifike muyeso womwe anandipatsa."

"Anakupatsani ndani?"

"Bwana winawake. Ine sindifunsa dzina, ndimafunsa muyeso. Wathupi, wonunkhira sopo. Ndikuti khalani pabenchi, akuti thalauza lida. Ndikuti imani uko moto ungakuthethekereni, akuti fulumira, galimoto ili pamwamba pa matayala, yachotsedwa m'mimba."

"Mungamuzindikire?"

"Nkhope mwina. Ine anthu ndimawaona kudzera m'galasi lakuda. Koma chimene sindidzaiwala mpaka kumanda ndi chomwe anayezera." Magalasi anayamba kuseka mpaka kugwira m'mimba. "Tepi ya telala, mayi! Yoyezera m'chiuno! Ndinamufunsa kuti bwana, shafitiyi tiisokere ndi matumba omwe? Anakwiya, ananyamula shafiti yake, tepi anaisiya pomwepo."

Anaikoka pamsomali. Inali yachikasu, yofewa ndi ukalamba. Chakumapeto inapsa ndi simbi, ndipo wina anailumikiza mwaluso ndi ulusi wabuluu.

Sajeni anaipinda bwinobwino. M'makutu mwake munabwerera mawu a m'mawa uja: kuseri kwa nyumba, pafupi ndi kachipinda komwe akazi anga amasokera zovala.

*

Mwana wamkazi wa Aphunzitsi anali pamakina, mapini ali pakamwa. Pakhonde, bambo ake ndi mwamuna wake ankamwa tiyi, kudikira uthenga woti makaniko watsekeredwa. Sajeni anawapatsa moni, napitirira n'kulowa m'kachipindako. Anangoika tepi ija patebulo pakati pa zidutswa za nsalu.

Mayiyo analavula mapini m'dzanja.

"Ii, tepi yanga! Mwaitola kuti, mayi? Milungu iwiri ndakhala ndikukwiyira makasitomala mumtima kuti wina ananyamula!"

"Matepi otere ali mbwee pamsika," anatero mwamuna wake. Anali ataima kale pakhomo, kapu ili m'manja.

"Mbwee bwanji, abambo? Ulusi wabuluuwu ndinasoka ndine, tsiku lija ndinaiotcha ndi simbi."

"Galimoto ya bambo anu," anafunsa Sajeni, "inakhala chifundire lona milungu yonse itatu?"

"Ee. Kupatula Loweruka lija kunabwera anthu awiri kudzakonza mabuleki. Anaikweza pamatayala, inakhala choncho mpaka Lachiwiri, poti akuti chitsulo china chinaperewera..."

Anayang'ana tepi, nayang'ana mwamuna wake, nayang'ananso tepi.

Aphunzitsi anali atafika kumbuyo kwa mkamwini wawo. "Mabuleki ati? Si munati simunaikhudze?"

Sajeni anatuluka n'kuzungulira kuseri. Pomwe panaima galimoto panali banga lalikulu la oyilo lothiridwa mchenga. Pakona panali khola la agalu, ndipo chitseko chake anachitchinjiriza ndi mpope wachitsulo wolemera. Anaukoka, naupukuta ndi mpango wake. Nambala inaoneka bwinobwino.

"Makumi anayi ndi imodzi," anawerenga mokweza. "Iyi ndi shafiti ya galimoto yanu, Aphunzitsi, yomwe a Bweramawa anakadulitsa. Amene anaba giyabokosi ankaganiza kuti angochotsa iyi n'kuikapo iyo. Atamanga ya magiya anayi ija anapeza shafiti yaperewera zala zinayi. Ndi chifukwa chake anathamangira kwa wowotcherera ndi tepi ya akazi ake."

Mkamwini anaika kapu pawindo. Anayamba kunena kuti samudziwa Magalasi, ngakhale kuti palibe anali atatchula dzinalo. Ataona kuti wadzigwetsa yekha, anasintha nyimbo.

"Chabwino, tiyeni tilankhule ngati akuluakulu. Kasitomala wanga anaiona, anaifuna, ili m'galimoto yake kutsidya kwa njanji. Koma tanenani zoona, bambo. Inu zaka zapita, diso ndi limodzi. Giya yachisanu mukanapita nayo kuti? Kutchalitchi? Ine ndimati simudzafikako n'komwe. Zinthu zabwino zisamaolere m'manja mwa..."

"Mwa nkhalamba," anamalizitsa Aphunzitsi. Anavula magalasi akuda aja. Diso lokonzedwalo linali lofiira, koma linkaona. "Kuba mwaba, akamwini, zimenezo n'za boma. Koma m'mawa uno munanditsegulira chitseko cha galimoto. Munandigwira mkono pokwera masitepe a polisi. Munandiimika pabwalo paja kuti nditukwane munthu wosalakwa, inu mukuseka. Pakamwa panga munapasandutsa chikwanje chanu!"

"Bambo, ine..."

"Ndani bambo ako?"

Mwana wawo wamkazi anali ataima pakhomo la kachipinda, tepi ataikulunga padzanja mpaka zala kuyera. Sanalire. Analowa m'nyumba, natuluka ndi jekete la mwamuna wake, nalipereka kwa Sajeni m'malo mwa mwini wake.

*

Folo koloko inali itatsala ndi mphindi khumi. Bwana wamkulu anamvetsera, anayang'ana shafiti ndi tepi patebulo pake, nakhosomola, nati anali ataikayikira kale nkhaniyo. Sajeni anatenga lamba ndi zingwe za nsapato m'kabati, nakapereka yekha kwa a Bweramawa. Pabenchi pomwe iwo anadzukapo panakhala mkamwini, akumasula zingwe za nsapato zake zonyezimira.

Aphunzitsi anadikira mpaka makanikoyo atamanga lamba. Kenako anavula chipewa pamaso pa apolisi ndi anthu onse a pakauntala.

"Bweramawa, zaka makumi anayi ndinkauza ana kuti asayankhe funso asanaliwerenge lonse. Lero ndalephera ndine. Ndikhululukire."

A Bweramawa sanawayang'ane. Anatembenukira kwa Sajeni.

"Mayi, mungandipezereko petulo pang'ono ndi chisanza?"

Anawapezera. Mkuluyo anatuluka pabwalo, nagona pa katoni paja, nalowa pansi pa galimoto yobiriwira. Sajeni anagwada n'kuwaunikira tochi. Anali atanyowetsa chisanza, akufuna kupukuta dontho loyamba.

"Bambo, imani kaye. Umenewo ndi umboni. Mpaka tijambule."

"Jambulani msanga. Galimoto iyi situluka pageti apo itavala penti yanga mwabodza."

Wojambula anabwera, najambula. A Bweramawa anapukuta madontho onse asanu ndi limodzi, limodzilimodzi, mosafulumira, mpaka mitu ya mabawuti inatsala mbee. Nthawi yonseyo Aphunzitsi anali chiimire padzuwa, chipewa chili m'manja, akuyang'ana mapazi otulukira kunsi kwa galimoto yawo.

"Giyabokosi ija apolisi akuti akaitenga kutsidya kwa njanji," anatero pomaliza. "Ikabwera, sindikudziwa ngati ndili ndi nkhope yokupempha. Koma palibenso wina amene ndingamupatse. Udzandiikiranso?"

Kunsi kwa galimoto kunatuluka dzanja lakuda ndi oyilo, likufunafuna chivindikiro cha botolo la petulo. Aphunzitsi anawerama, nachitola, nachiika m'dzanjamo. Dzanjalo linagwira chivindikiro pamodzi ndi zala zawo, osasiya msanga.

"Mubwere mawa," anatero a Bweramawa.